Manda Amene Anathamangitsa Msewu

Wawa nonse, amayi ndi abambo. Khalani pansi ndithu, ine si wa ku boma. Akomiti yanu andiitana poti kuno kwanu kukubwera msewu ndi mlatho wa ndalama zakunja, ndipo oyeza akhoma kale zikhomo. Pobwera ndadutsa m'mbali mwa zikhomozo. Ndaona nthochi zokongola, zonse msinkhu umodzi, zonse masamba ofota, dothi la patsinde likadali lofiira ngati lakumbidwa dzulo. Musayang'anane, sinditchula munthu dzina. Ndingoti eni nthochizo akadali sitandade wani. Mphunzitsi wamkulu wa ntchito imeneyi ndi amene waima pamaso panuyu.

Dzina la ubatizo ndine Filipo, koma pa Tsangano mukafunsa Filipo akulozerani anthu ena. Funsani a Nenererani. Ndimagula kachewere ndi kabichi kwa alimi n'kumagulitsa kwa a malole, ndipo chibadwire sindinagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Suti ya ukwati wanga inali yobwereka, koma ndinainenerera mpaka mwini wake anandionjezera tayi kuti ndingomuchokera pakhomo. Lamulo langa linali limodzi. Wogula akatchula mtengo, kana. Akaonjezera, kananso, nkhope ukwinye ngati wakutukwanira amako. Akanyamuka, usamuitane, abwera yekha. Pamsika lamulo limeneli silinandigwiritsepo fuwa lamoto. Lisungeni m'mutu, tilipezanso kutsogoloku.

Kwathu ndi kwa Kambiya, kuseri kwa mapiri, kumene chifunga chimagona mpaka dzuwa litakwera. Kachewere timalima woti munthu mmodzi sungamalize awiri. Koma njira yathu inali yoti mvula ikangogwa, lole imaima kutali, ife n'kumasenza matumba pamutu kuwoloka mtsinje wa Kankhande. Wodwala tinkamunyamula pa machira. Ndiye titamva kuti dziko lina lakunja lapereka ndalama za msewu wa phula, ndipo udutsa pakati pa mudzi wathu, amayi anavina mpaka fumbi linatsamwitsa mbuzi.

Oyeza anabwera ndi malaya awo achikasu, nakhoma zikhomo zopaka penti yofiira. Zikhomozo zinadutsa pakhomo penipeni pa golosale ya Che Saidi, Msilamu mnzathu amene bambo ake anabwera kale kudzagulitsa mchere ndi nsalu. Che Saidi sanachedwe, anakulitsa khonde, nagula mabenchi, akuti apa pakhala tiyirumu ya madalaivala. Kuchoka apo zikhomo zinalowa pamalo amene timati Pakhosi, popapatiza, mbali iyi thanthwe, mbali iyo chigwembe. Pakhosipo panali kamunda kanga, kamene anandigawira amayi.

Kenako kunamveka mawu okoma aja: chipukuta misozi. Aliyense woonongekeredwa katundu alandira kangachepe. Anzanga anachita zimene mwachita inuzi. Koma kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya ntchitoyo, mayi Chirwa, wolemba katundu wa anthu. Anangogwira nthochi imodzi ndi zala ziwiri, nthochi n'kuzuka yokha ngati imamudikirira. Anaibwezera mwini wake mwaulemu, nati akaidzale kuseri kwa nyumba isanaume. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinati awa ndi ana, sadziwa malonda.

Ndinamuyitanira dalaivala wa mayiyo tchipisi, n'kumufunsa mocheza kuti kodi chodula kwambiri pa mndandanda wawo n'chiyani. Anati manda. Akuti manda akapezeka panjira pamakhala bokosi latsopano, ng'ombe, chakudya cha adzukulu okumba, ndi kena kopukutira banja misozi, chifukwa eni ndalamawo amaopa manda kuposa ife amene timagona nawo pafupi. Ndikukhulupirira kuti anapitiriza kufotokoza zina, koma ine makutu anali atatsekera pa ng'ombe paja.

Lamulungu lotsatira ndinauza akazi anga, Nangozo, kuti m'mimba mwandivuta, apite okha kutchalitchi. Mudzi utakhala zii, chifunga chili tolo, ndinatenga wilibala ndi khasu. Ndinakumba Pakhosi mpaka m'chiuno, ndinathiramo miyala, n'kuundira mtumbira. Ndinazunguliza njerwa zakale za khitchini yakugwa, n'kuzipaka ndowe ndi madzi a matsukwa kuti ndere imere msanga. Mtanda ndinapinda kuchokera ku chitsulo chadzimbiri cha ngolo. Pamwamba ndinaikapo kapu yachitsulo yobooka. Ndikunena monyadira pang'ono, Mulungu andikhululukire: patatha masabata atatu manda aja ankaoneka akale kuposa ine.

Manda amafuna dzina. Amayi anga anali ndi mlongo wawo, malume Simiyoni, amene anapita ku migodi ya ku Joni amayi akadali mtsikana. Anatumiza bulangete limodzi ndi kalata imodzi, basi. Kaya anatchona, kaya mgodi unawameza, palibe akudziwa. Ndinaganiza kuti munthu amene sakugwiritsa ntchito dzina lake sangadandaule nditalibwereka.

Musaganize kuti mudzi sunkadziwa. Amfumu athu, munthu wanthabwala, anandifunsa kuti kodi a Simiyoni anabwera liti iwo osamva. Ndinati anabwera mwakachetechete. Kenako ndinatchula ng'ombe, ndipo funso linathera pomwepo. Aliyense ankaona kale nthuli yake. Koma khasu linali langa, nzeru zinali zanga, ndipo zimene zikubwerazi ndinachita ndekha.

Mayi Chirwa atafika Pakhosi anavula nsapato, namanga chitenje, nagwada. Ndinawafotokozera kuti malume anabwera nacho chifuwa cha m'migodi, n'chifukwa chake anaikidwa padera. Anandipepesa. Kenako anafunsa ngati banja lingalole kuti mafupa asamutsidwe kupita ku manda a mudzi, ntchitoyo ilipira zonse mwaulemu wake.

Mwalikumbukira lamulo lija? Uwu unali mtengo woyamba. Ndinakana.

Anabweranso sabata yotsatira, nafotokoza zambiri, natchula ndi ng'ombe yomwe. Ndinakananso, ulendo uno ndi misozi. Ndinali nditapaka kamadzi ka anyezi pa mpango. Kachitatu anabwera ndi injiniya wamkulu, ine n'kudzigwetsa pamtumbira.

"Ngakhale mubwere ndi khola lonse la ng'ombe, malume sasuntha pano," ndinatero. "Anazunzika kunja, muwasiye agone kwawo."

Mayi Chirwa anapukuta m'maso. Anatulutsa pepala, nafunsa ngati ndingasayinire kuti banja lakana. Ndinasayina dzina lonse, ndi mchira womwe. Galimoto itanyamuka ndinauza Nangozo kuti ayambe kuganiza za malata, amenewa abwera okha.

Sanabwere. Amene anabwera patatha mwezi anali anyamata a malaya achikasu, kudzazula zikhomo. Apa m'pamene tinamva zimene dalaivala uja ankafotokoza ine makutu nditatseka. Pa pepala njira zinali ziwiri, yathuyi ndi ina yodzera tsidya la Kankhande, kwa Mgwadira. Yathu ndiyo inali yaifupi. Koma buku la malamulo a eni ndalama limati banja likakana kusuntha manda, msewu ndiwo upatuke. Tsono Pakhosi ungapatukire kuti, mbali iyi thanthwe, mbali iyo chigwembe? Msewu wonse unanyamuka n'kuwoloka mtsinje.

Abale anga, pamsika wogula amanama, wogulitsa amanama, mumakumana pakati. Anthu awa sankagula. Ndinawauza kuti ayi, iwo anamva kuti ayi. Chenjerechenjere sakupha nsomba.

Zotsatira zake ndizithamangitsa, chifukwa sizikoma. Magiledala analira tsidya ife tikuonerera. Phula linathiridwa, chikwangwani cha mbendera ziwiri chinaimikidwa. Malole anayamba kuima kwa Mgwadira, msika wa kachewere unasamukira komweko, ambulansi inkafika pakhomo pawo, mabenchi a tiyi anadzaza. Ife tinatsala ndi mitu yathu yosenzera matumba, ndipo anthu a kwa Mgwadira, amene kale tinkawaseka kuti amakhala kutchire, anayamba kutifunsa kuti kodi kumudzi kuli bwanji. Mabenchi a Che Saidi ankagonapo nkhuku. Anthu omwe aja amene ankadikira nthuli anaiwala kuti anali nane limodzi. Moni anatha. Alimi anasiya kundigulitsa kachewere. Pamaliro ndikakhala pa benchi, benchi yonse inkakhala yanga.

Ndinayamba kumwa. Ndipo onani uchitsiru wake: ndinkakamwera kwa Mgwadira, m'mbali mwa msewu womwe ndinauthamangitsa. Sikelo inapita ku kachasu, njinga inatsatira. Nangozo anayamba kubisa nkhuku kwa mng'ono wawo. Ndikaledzera ndinkaimitsa malole n'kumauza madalaivala kuti msewu uno ndi wanga, ndinaubweretsa kuno ndine. Zinali zoona, n'chifukwa chake ankandigulira mowa wina.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili paliwombo, ndinagona m'ngalande ya simenti ya msewuwo. Ngalande zake n'zosalala bwino, eni ndalama sanaumire. Podzuka ndinapeza anthu andizungulira akuseka. Wina anali atamanga mtanda wa mapesi n'kuuzika kumutu kwanga, wina n'kuikapo kapu yobooka. Mayi wina wogulitsa tomato anati, "Musawasunthe awa, banja lakana." Msika wonse unagwa nako kuseka. Kunena zoona, inali nthabwala yabwino. Ikanakhala ya munthu wina ndikanaseka kuposa onse.

Ndinanyamuka, ndinawoloka Kankhande, mutu ukugunda ngati mtondo. Njira ya kwathu imadzera Pakhosi, ndipo kwa miyezi yonseyi ndinkadutsapo nkhope nditatembenuzira kuchigwembe. Tsiku limenelo ndinamva tsache, shwe, shwe. Ndinacheuka.

Anali amayi anga. Miyendo inali itayamba kale kuwavuta, moti ankasesa atakhala pansi, akumakhwekhwereza thupi. Mtumbira unali woyera, udzu wozulidwa, ndipo kumutu kwake kunali maluwa a mpendadzuwa wakutchire m'botolo. Zimenezi sindinaike ine. Poona kusalala kwa dothi ndinadziwa kuti sikunali kuyamba tsiku limenelo.

Mowa unandithera. Ndinaganiza kuti ukalamba wawasokoneza, bodza langa alikhulupirira. Ndinanjuta pafupi nawo. Ndinati, "Amayi, mundimvere. Umu mulibe munthu."

Sanasiye kusesa.

"Ndikudziwa," anatero. "Muli miyala mawilibala asanu. Lamulungu lija sindinapite kutchalitchi, miyendo inakana. Ndinakuona ukudutsa kuseri kwa nkhokwe."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene, nanga akuseseranji miyala. Anaika tsache pansi.

"Anzanga onse ali ndi poti akasese," anatero. "Ine alongo anga ndinawaperekeza mpaka pompano, Pakhosi pano, atanyamula kasutikesi pamutu. Anandiuza kuti ndibwerere, kukuzizira. Zaka zonsezi ndinalibe poti ndiike duwa. Iwe unandimangira mwabodza, ine ndinalandira. Ndinalakwa nanenso."

Ndinakhala pansi pambali pawo.

Kenako anati, "Koma chikundisowetsa tulo n'chimodzi, Filipo. Alongo anga anali munthu wa ulendo. Ankanena kuti tsiku lina galimoto idzafika pakhomo pathu. Iwe wawatenga n'kuwagoneka panjira kuti atseke msewu. Anthu akamasenza matumba amatukwana dzina lawo. Dzulo anadutsa pano ndi mkazi wa Che Saidi pa machira, ndinamva wina akuti zonsezi n'za Simiyoni. Analakwanji Simiyoni?"

Anandipatsa tsache lija, nati ndimalize mbali yotsalayo poti msana wawatopa. Ndinasesa. Munthu wamkulu, ndevu zotuwa, fungo la kachasu, kusesa miyala yanga yomwe, misozi ikugwa popanda anyezi. Nditamaliza anati ndiwabereke. Ndili nawo kumsana, anandinong'oneza kuti akufuna alongo awo achoke panjira iwo asanafe.

Tsopano mverani mmene ndinabwererera, chifukwa kulira kokha sikumanga kalavati.

M'mawa mwake ndinapita kwa Che Saidi. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa ndi mpini. Anathamangitsa nkhuku pa benchi, nandikhazika, nandithirira tiyi wa mkaka, n'kufunsa kuti kodi lero ndabwera kudzagula kapena kudzagulitsa. Ndinati ndabwera kudzapepesa. Anati katundu ameneyo sanamuonepo m'manja mwanga, ayambe wamuyeza ngati ali weniweni. Mkazi wawo anali atachira, mwana ali bwino, ndiye mtima unali m'malo. Anandiuza kuti kupepesa kwa iwo n'kotsika mtengo. Bodza ndinalisayinira pa pepala, ndiye likafafanizidwe pa pepala pomwepo. Anatseka golosale, nandiperekeza okha ku Boma, akuti ndikapita ndekha ndikathera m'ngalande ina.

Mayi Chirwa tinawapeza mu ofesi. Anandizindikira, nafunsa za malume. Ndinafotokoza zonse, mpaka ndowe ndi anyezi. Anazunguza cholembera.

"Bambo, ine ndinagwada pamenepaja," anatero. "Mainjiniya ankafuna kukukakamizani. Ndinalimbana nawo misonkhano itatu, ndikuti mwamuna uja ndamuona akulira."

Pa zonse zimene ndinamva chaka chimenecho, ndi mtanda wa mapesi womwe, mawu amenewa ndiwo anandilasa. Ndinafunsa ngati andimangitsa. Anati akanakonda, koma atsegula fayilo aona kuti sindinalandire ngakhale tambala, poti zonse ndinakana ndekha. Che Saidi anaseka mpaka kofiya inagwa. Anati kunenerera kwandimanitsa msewu, kunenerera komweko kwandipulumutsa ku ndende.

Ndinafunsa, mwa chizolowezi, ngati msewu sungabwerereko pang'ono. Mayi Chirwa anati phula si mkeka woti n'kupinda n'kukayala pena. Zapita zapita. Koma anati m'ntchito yomweyo munatsala gawo la timisewu ta dothi tolumikiza midzi ku msewu waukulu, ndi makalavati ake. Mudzi wathu anali ataudumpha chifukwa pa mapu awo Pakhosi panali kamtanda. Kuti kamtandako kafufutike, manda atsegulidwe masana, pamaso pa amfumu, apolisi ndi azaumoyo. Ndiponso pa timisewu timeneti palibe chipukuta misozi. Aliyense wokhudzidwa apereke malo mwaulere, asayine, ndipo mchenga ndi miyala titute tokha. Wina mmodzi akakana, ndalama zipita mudzi wina mvula isanayambe.

Tsiku lotsegula manda kunabwera anthu kuposa pa ukwati wanga, ena ochokera kwa Mgwadira atanyamula ndi mipando. Ndinaimirira ndi kunena ndekha chimene ndinachita. Adzukulu anati iwo sakumba manda a miyala, akumbe mwini wake. Ndinakumba. Mwala uliwonse ukatuluka anthu ankaombera m'manja n'kumati pepani a malume. Wapolisi ankalemba akudziluma mlomo. Amfumu anandilipitsa mbuzi, ndipo mwaulemu wawo anaonjezerapo yawo, akuti funso lija analisiya msanga.

Mbuzi ziwirizo zinagwira ntchito tsiku lomwelo. Mukudziwa mwambo wathu, munthu akafera kutali thupi osaoneka, timaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Zaka zonsezi banja silinachite, poopa kuika munthu wamoyo. Amayi anati nthawi yakwana. Anatulutsa m'bokosi bulangete lija la ku Joni, lomwe sanalifundepo, tinakulungamo thunthu, n'kukaika ku manda enieni a mudzi, pafupi ndi agogo. Mkulu wa mpingo anapemphera. Madoda anavina ngoma, zishango m'manja, monga amachitira mwamuna wachingoni akapita. Nthochi yake, ndikuuzeni, inali imodzi mwa zija mayi Chirwa anabweza. Ndiye si zonse zinapita pachabe.

Kenako inabwera ntchito imene Mulungu anandilengera, koma chagada. Ndinayenda khomo ndi khomo kunenerera anthu kuti apereke malo kwaulere. Ndinayamba ndi kusayinira kamunda kanga konse ka Pakhosi, kuti pasakhale wonena kuti ndikugulitsa katundu amene sindidya. Ambiri anasayina msanga, mitu inali itatopa ndi matumba. Koma panali a Ngozo, achimwene a akazi anga, alamu anga enieni, amene mtengo wawo wa mapichesi unali pakati penipeni pa njira. Anakana. Ndinapitanso, anakananso, nkhope atakwinya. Ndinazindikira kalembedwe kake, anaphunzira kwa ine. Ulendo wachitatu sindinalankhule za mtengo. Ndinangowafotokozera mmene m'ngalande mumazizirira, ndi mmene benchi ya pamaliro imatalikira ukakhalapo wekha. Ndinati, "Alamu, anthu awa akanyamuka sabwerera. Ndinayesa ine." Anapempha kuti adikire athyole kaye mapichesi. Tinathyola tonse tsiku lomwelo, osapsa omwe, ndipo mudzi wonse unatsegula m'mimba sabata yathunthu. Koma anasayina.

Tinatuta mchenga ku Kankhande. Miyala yoyamba ya kalavati inali ija ya m'manda, mawilibala asanu, amayi anawerenga bwino. Za mowa, sindikunamizani kuti kunatsika mngelo. Ndinangochita zinthu ziwiri. Ndikagulitsa katundu, ndalama amalandira Nangozo, ine ndimalandira lipoti. Ndipo ludzu la madzulo likandigwira ndimakakhala pa benchi ya Che Saidi, pamene chakumwa choopsa kwambiri ndi tiyi wa masupuni anayi. Ndinagwapo kawiri chaka choyamba. Kachiwiriko Nangozo anandiikira kapu yobooka pa pilo. Sindinabwerezenso.

Msewu wathu ndi wadothi, si waphula. Phula ndinadyetsa a kwa Mgwadira, ndipo mpaka lero akandiona amandivulira chipewa, akuti ndine mkulu wa chitukuko chawo. Zimenezo sizidzabwerera, ndipo ndimazisenza. Koma lole ya matani atatu imafika pakhomo pa Che Saidi, tiyirumu inatsegulidwa, ndipo wodwala amakwera galimoto mpaka ku chipatala cha ku Nzama. Eni ndalama anapita kwawo, chikwangwani chawo chinayamba kufufutika. Mvula yoyamba itatseka makalavati, ena anati tidikire eni ake adzakonze. Ndinawafunsa kuti eni ake ndani, poti amene anapereka ndalama sadzadutsapo ndi thumba la kachewere ngakhale tsiku limodzi. Ndiye Loweruka loyamba la mwezi timatuluka ndi makasu, ndipo wotsegula ngalande wamkulu ndine. Ndimazidziwa bwino m'kati mwake.

Tsono inu a nthochi, ndi inu amene ndamva kuti mwayamba kuunjika njerwa zakale, mverani mnzanu. Katundu wanu weniweni akakhudzidwa, lembetsani, funsani, musachite manyazi, ndi ufulu wanu ndipo buku lawo lomwelo limakutetezani. Koma musaike panjira chinthu chimene kunalibe, ndipo musanene ayi pamene mtima ukuti inde. Ndalama zimenezi zili ndi midzi yambiri yozidikira, sizinenerera. Nthochizo kazuleni lero, mukadzale kuseri kwa nyumba, muzithirira. Zidzabereka.

Amayi akadali moyo. Anyamata a njinga zamoto anapatsa dzina siteji ya Pakhosi, amati Pa Malume. Poyamba linkandibaya, ndinkafuna kukawapempha asinthe. Amayi anandiletsa. Amakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo mphepo ikamachokera uko amamva anyamata akuitanira, Pa Malume, Pa Malume, otsika Pa Malume. Tsiku lina anandiuza kuti, "Pamtumbira paja ndinkawatchula ndine ndekha. Pano akutchulidwa ndi anthu oti sanawaonepo, ndiponso akutchulidwa ndi anthu a pa ulendo. Asiye."

Inenso ndimatsikira pomwepo. Anyamatawo amandidziwa, amatchula mtengo atakonzekera nkhondo. Ndimangopisa m'thumba n'kupereka. Padziko lonse lapansi, Pa Malume ndi pokhapo pamene a Nenererani amalipira mtengo woyamba.

Zikomo pondimvera. Amene ali ndi wilibala yobwereka akabweze dzuwa lisanalowe.